Kusankha oyilo woyenera njinga yamoto yakale

Musanagwire botolo lililonse, dziwani kaye malo onse amene oyilo amafika akalowa m'njinga yanu. Pagalimoto, oyilo wa injini amathera mu injini momwemo: giyabokosi ili ndi wake, ndipo klatchi imagwira ntchito ili youma. Panjinga zambiri za ku Japan za four-stroke (zimene oyilo wake sasakanizidwa ndi petulo), kuyambira Honda Super Cub ya 1958 kudzafika pa CG125 ndi zinzake za Yamaha, Suzuki ndi Kawasaki, oyilo ndi mmodzi yemweyo. Amateteza pisitoni ndi maberingi kuti zisakhulane, amadutsa pakati pa mano a magiya, ndipo mapuleti a klatchi amakhala oviikidwa momwemo. Komanso njinga zakale zambiri zilibe rediyeta, zimazizira ndi mphepo, choncho oyilo yemweyo amathandizanso kuchotsa kutentha kumutu kwa injini n'kutsika nako pansi. Ntchito yonseyi ili pa oyilo amene mu injini yaing'ono sakwana n'komwe lita imodzi.

N'chifukwa chake oyilo wamakono kwambiri wa galimoto akhoza kuvutitsa njinga imene yakhala ikuyenda bwinobwino zaka makumi atatu.

Klatchi ndi zilembo za JASO

Klatchi yonyowa imagwira chifukwa mapuleti ake akapanikizana amakakamirana ngakhale ali mu oyilo. Oyilo wambiri wa magalimoto a masiku ano amapangidwa kuti apulumutse petulo, ndiye amathiramo mankhwala owonjezera kuterera, ena mwa iwo okhala ndi molybdenum. Mankhwalawo akalowerera m'mapuleti, klatchi imayamba kuterera. Mumaizindikira mukakhala pa giya yapamwamba, makamaka pachitunda kapena mutanyamula katundu: mukaipatsa moto injini ikulira kwambiri, koma liwiro lili pomwepo.

Musafulumire kuimba mlandu oyilo. Yambani mwaona waya wa klatchi. Chogwirira chiyenera kukhala ndi kampata koti chiziyenda chisanayambe kukoka, panjinga zambiri mamilimita 10 mpaka 20 kunsonga kwake. Waya wokungika kwambiri amatereretsa klatchi chimodzimodzi. Ngati waya ali bwino ndipo vuto layamba mutangosintha oyilo, khuthulani msanga, thirani woyenera, yendani makilomita ochepa, n'kusinthanso. Nthawi zambiri klatchi imabwerera. Mukachedwa, mapuleti amapsa n'kusalala, ndipo apo palibenso chochita koma kugula ena. Atsopanowo aviikeni mu oyilo kwa maola angapo musanawamange, ndipo yezaninso masipuling'i, chifukwa akatopa amafupika.

Pofuna kuthetsa chisokonezo chimenechi, mu 1998 bungwe la ku Japan loona za miyezo ya magalimoto, JASO, linakhazikitsa muyezo wa oyilo wa njinga za four-stroke wotchedwa T903. Oyilo wolembedwa MA ndi woyenera klatchi yonyowa. Wolembedwa MB ndi woterera kwambiri, wopangidwira ma scooter oyendera lamba amene klatchi yake imakhala youma. Mu 2006 gulu la MA linagawidwa pawiri, MA1 ndi MA2, ndipo MA2 ndi amene amathandiza klatchi kugwira mwamphamvu. Panjinga yakale ya klatchi yonyowa, MA kapena MA2 ndi zilembo zoyamba kuzifufuza, ndipo zimapezeka kumbuyo kwa botolo. Chithunzi cha njinga chimene chili kutsogolo si umboni. Mukaona kachizindikiro kozungulira ka API (bungwe la ku America loika miyezo ya oyilo) kali ndi mawu akuti Energy Conserving kapena Resource Conserving m'munsi mwake, bwezani botololo pamene mwalitenga.

Buku la njinga ya m'ma 1970 kapena 1980 silitchula JASO chifukwa muyezowo kunalibe. Amakaniko akale akamanena kuti ankathira oyilo wa galimoto popanda vuto, akunena zoona. Oyilo wa galimoto wa nthawi imeneyo ndi amene anasintha, njinga idakali yomweyo.

Timabotolo ta mankhwala owonjezera mu oyilo, tolonjeza kuthetsa phokoso kapena kutereretsa injini, makamaka tokhala ndi molybdenum kapena PTFE, tisalowe mu injini ya klatchi yonyowa.

Manambala a pabotolo

Pa 10W-40, nambala yoyamba pamodzi ndi W ikunena mmene oyilo amayendera akazizira. Ikakhala yaing'ono, oyilo amathamanga msanga m'mawa. Yachiwiri ikunena kulimba kwake atatentha kufika madigiri 100. Pa muyezo wa SAE, umene manambalawa amachokera, oyilo wa 30 amakhala pakati pa 9.3 ndi 12.5 cSt (mlingo wa kulimba kwa oyilo), wa 40 pakati pa 12.5 ndi 16.3, wa 50 pakati pa 16.3 ndi 21.9. Ndiye kuti 10W-40 ndi 15W-40 akatentha ali m'gulu limodzi, amangosiyana injini isanatenthe, pamene 20W-50 ndi wolimbirako m'mawa ndi masana omwe.

Poyambira ndi buku la njinga. Ambiri mwa mabukuwa ali ndi tchati chosonyeza oyilo woyenera malinga ndi kutentha kwa kunja. Njinga zambiri za ku Japan zakale zimatchula 10W-40 ngati wa nthawi zonse, ndipo zimalola 20W-40 kapena 20W-50 kumalo otentha. Mainjini akuluakulu ozizira ndi mphepo, monga a BMW akale, a Harley-Davidson ndi ambiri a ku Britain, amayenda ndi 20W-50. Zina za ku Britain za m'ma 1950 mabuku ake amatchula oyilo wa nambala imodzi, SAE 30, 40 kapena 50 malinga ndi nyengo.

Injini ikakalamba mipata ya m'maberingi ndi m'silinda imakula, ndipo kukwera sitepe imodzi, kuchoka pa 10W-40 kupita pa 20W-50, n'kwanzeru ngati kunja kumatentha, njinga imanyamula zolemera, kapena imayenda pang'onopang'ono nthawi yaitali moti mphepo siiomba mokwanira. Phokoso limachepa, ndipo oyilo sathanso msanga. Koma sitepe imodzi yokwana. Oyilo wolimba sakonza maringi otha, amangobisa utsi kwa kanthawi.

Ngozi ya oyilo wolimba kwambiri anthu ambiri saiganizira, chifukwa amati wolimba ndiye woteteza. Pa mainjini ang'onoang'ono a Honda okhala ndi camshaft (chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavalavu) pamwamba, monga CB125 ndi ena a mtundu umenewo, camshaft imazungulira mwachindunji pa aluminiyamu ya mutu wa injini, ndipo oyilo amakwera kumeneko kudzera m'kanjira kopapatiza kwambiri. Oyilo wolimba ndi wozizira amachedwa kufika. Mukangoliza n'kupatsa moto wambiri nthawi yomweyo, camshaft imazungulira youma kwa masekondi angapo, ndipo tsiku ndi tsiku imadya mutuwo mpaka phokoso losatha ngakhale mutachuna mavalavu. Kukonza kwake n'kugula mutu wina. Zizindikiro zina za oyilo wolimba mopitirira ndi izi: m'mawa giya yoyamba imalowa ndi chiphokoso njinga n'kudumphira kutsogolo, neutral imavuta kupeza, ndipo kiki imalemera. Kaya mwathira oyilo wanji, ilekeni injini ilire payokha mphindi imodzi kapena ziwiri musananyamuke.

Oyilo wamadzimadzi, monga 0W-20 kapena 5W-30 wa magalimoto, nayenso ndi wowononga. Injini ikatentha kwambiri, kansalu ka oyilo kamene kamalekanitsa zitsulo kamang'ambika, mano a magiya amayamba timaenje, ndipo oyilo amadutsa m'maringi n'kukapsa.

Pali chinthu china chimene chimachitika m'njinga chokha. Oyilo wa manambala awiri amakhala ndi mankhwala a tizingwe titalitali tosaoneka ndi maso, timene timamuthandiza kuti asasungunuke kwambiri akatentha. Mano a magiya amadula tizingweto. Pakapita makilomita ambiri, oyilo amene munathira ali 10W-40 amakhala atatsika kufika pafupi ndi 30. Phazi ndi limene limayamba kudziwa: magiya amayamba kulimba polowa, pomwe oyilo ali watsopano ankalowa mofewa. Oyilo wopangidwira njinga amapirira kudulidwaku kuposa wa galimoto, komabe nayenso amafika potopa.

Za zinki ndi zilembo za API

M'mainjini akale, camshaft imakhula mwachindunji pa ma rocker kapena ma tappet (tizitsulo tokankha mavalavu), popanda kagudumu pakati. Pamalo amenewo mphamvu yopanikiza ndi yaikulu kwambiri moti oyilo yekha amafinyidwa n'kuchoka. Chimene chimateteza ndi mankhwala otchedwa ZDDP, okhala ndi zinki ndi phosphorus, amene amapanga kachikopa pachitsulo chikatentha. Phosphorus amawononga catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi wa magalimoto amakono, choncho anamuchepetsa. Kuyambira 2004, muyezo wina wotchedwa ILSAC GF-4 unaika malire a 0.08 peresenti mu oyilo wamadzimadzi wa magalimoto. Muyezo wa JASO wa 2006 unafuna phosphorus wa pakati pa 0.08 ndi 0.12 peresenti, kutanthauza kuti pamene galimoto ikulekezera, njinga ikuyambira pomwepo. Mukagula oyilo wa JASO MA wa 10W-40 kapena 20W-50, nkhani ya zinki mwathana nayo kale. Kuthira zinki wina wa m'kabotolo pamwamba pake kumasokoneza mlingo wa mankhwala amene opanga anayeza, ndipo wochuluka kwambiri sapindulitsa chilichonse.

Zilembo za API zimakwera motsatana: SE, SF, SG, SH, kenako SJ, SL ya 2001, SM ya 2004, SN ya 2010, ndi zina za pambuyo pake. Ngati buku lanu likuti SE kapena SF, chilembo cha patsogolo pake chimakwanira, bola pakhalenso JASO MA. Zoyenera kuthawa ndi SA ndi SB. API imanena kuti SA sayenera mainjini opangidwa pambuyo pa 1930, ndipo SB pambuyo pa 1951. Oyilo wa SA alibe mankhwala oteteza ngakhale pang'ono.

Oyilo wina wa mainjini a dizilo wa 15W-40 amakhalanso ndi chilembo cha JASO MA, ndipo ameneyo amagwira bwino ntchito m'njinga yakale. Mukakhala panjira oyilo watsika, wa njinga osapezeka, 15W-40 wa dizilo kapena 20W-50 wa galimoto wopanda mawu a Conserving aja ndi wabwino kuposa kuyenda ndi oyilo wochepa. Mukafika mudzasinthe yense.

Mineral kapena synthetic

Synthetic, oyilo wopangidwa mwaluso ndi makemikolo, amapirira kutentha kuposa mineral, wongoyengedwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka, ndipo mu injini yozizira ndi mphepo chimenecho ndi chinthu chachikulu. Zoti amadya mphira zotsekera oyilo si zoona pa oyilo wa masiku ano. Chimachitika n'chakuti mphira yakale imauma n'kung'aluka, zinyalala n'kumata ming'aluyo, ndiye oyilo wotsuka kwambiri akachotsa zinyalalazo kudontha kumaonekera. Mphirayo inali itatha kale.

Chimene chiyenera kukutsogolerani ndi sefa. Njinga zazing'ono zambiri za Honda ndi zotengera kapangidwe kake zilibe fyuluta yapepala. Zili ndi kasefa ka waya kogwira zinyalala zikuluzikulu, ndi kachitsulo kozungulira kuseri kwa chivindikiro cha kumanja, kamene kamaponyera tinyenyeswa m'mbali mwake pozungulira. Njinga za Triumph ndi BSA zamasilinda awiri zili ndi malo osonkhanitsira matope m'kati mwa crankshaft mwenimweni, oti simungawatsuke osaphwasula injini. Pa mainjini otere, fumbi la klatchi, mwaye ndi tizitsulo zimangozungulira mu oyilo mpaka tsiku lomukhuthula. Synthetic akhoza kukhala adakali ndi mphamvu pa makilomita 6,000, koma ndi wakuda ndi zinyalala zimene palibe chozichotsa. Choncho panjinga yopanda fyuluta yapepala, mineral kapena semi-synthetic wabwino wosinthidwa pa makilomita 1,500 mpaka 2,000 amaposa synthetic wosiyidwa nthawi yaitali. Panjinga yokhala ndi fyuluta yeniyeni, yosadontha, ndiponso yothamanga maulendo aatali, synthetic wa JASO MA2 ndi wopindulitsa.

Injini imene yakhala zaka zambiri pa oyilo wa nambala imodzi wopanda mankhwala otsuka imafuna kusamala poisinthira ku oyilo wamakono. Tsukani kaye thanki ya oyilo, mapaipi ndi sefa, ndipo maulendo awiri oyamba sinthani oyilo patangopita makilomita mazana ochepa, kuti matope osungunuka atuluke asanatseke tinjira. Injini yongoboola silinda n'kuika maringi atsopano iyambe ndi mineral, ndipo oyilo woyambayo achotsedwe pa makilomita 500 kapena kuyandikira apo.

Njinga zimene oyilo wake ali m'zipinda zosiyana

BMW zakale zozizira ndi mphepo ndi Moto Guzzi zili ndi klatchi youma ngati ya galimoto, choncho JASO MA si yofunikira kwa izo. Injini imalandira 20W-50, pamene giyabokosi ndi magiya a kugudumu lakumbuyo zimafuna oyilo wa magiya, kawirikawiri 80W-90. Njinga zambiri za ku Britain ndi Harley-Davidson zikuluzikulu zili ndi malo atatu: injini, giyabokosi, ndi chipinda cha tcheni choyamba mmene muli klatchi, ndipo aliwonse ali ndi oyilo wake wolembedwa m'buku. Manambala a oyilo wa magiya ali pa sikelo ina: 90 wa magiya amalimba mofanana ndi 40 kapena 50 wa injini. Ngakhale zili choncho, oyilo wa magiya asalowe mu injini. Ndipo ngati giyabokosi ili ndi mabushi a bronze, oyilo wa magiya wolembedwa GL-4 ndi wosadetsa nkhawa kuposa wa GL-5, chifukwa mankhwala a sulfa a mu GL-5 ena amadya zitsulo zachikasu zikatentha.

Njinga zosungira oyilo m'thanki yapadera kapena m'fulemu, monga za ku Britain, Honda CB750 ya 1969 ndi Yamaha XT500, zili ndi msampha wake. Zikakhala nthawi yaitali osayenda, oyilo amatsikira pang'onopang'ono pansi pa injini, thanki n'kuoneka ngati yauma. Mukadzaza pamenepo, injini ikangolira pampu imabweza oyilo wapansi uja ndipo thanki imasefukira. Lizani kaye mphindi zingapo, muone kuti oyilo akubwerera m'thanki, kenako muyeze.

Za two-stroke

Pano nkhani ndi ina. Oyilo wa injini amapsa limodzi ndi petulo, choncho amafunika wa two-stroke, wolembedwa 2T, basi. Wa four-stroke akapsa amasiya phulusa lotseka pulagi, lomata maringi ndi lodzaza doko la ekizozi. Zilembo zake ndi JASO FB, FC ndi FD: FC ndi wa utsi wochepa, FD ndi wotsuka kwambiri. Wolembedwa TC-W3 ndi wa mainjini a maboti ozizira ndi madzi, ndipo sapangidwira kutentha kwa injini ya njinga.

Njinga zokhala ndi pampu, monga Autolube ya Yamaha kapena CCI ya Suzuki, zimafuna oyilo wolembedwa kuti ndi woyenera pampu, chifukwa wina wosakaniza pamanja ndi wolimba kwambiri moti sadutsa bwino m'timapaipi. Thanki ya 2T ikaphwa kapena mukamasula paipi, chotsani mpweya pa kabawuti ka papampu mpaka oyilo atuluke wopanda thovu, ndipo onani kuti timizere ta papampu tikulingana monga buku likunenera. Pampu yodzaza mpweya imaumitsa pisitoni m'makilomita ochepa. Musachotse pampu mwachisawawa kuti muzisakaniza pamanja: pa mainjini ena a Suzuki ndi Kawasaki pampuyo imapereka oyilo mwachindunji ku maberingi a crankshaft.

Ngati mumasakaniza pamanja, pa lita imodzi ya petulo 50:1 ndi mamililita 20, 40:1 ndi 25, 25:1 ndi 40, ndipo 20:1 ndi 50. Yezani ndi sirinji kapena kakapu ka manambala, sakanizani m'chigubu, kenako thirani m'thanki. Tsatirani mlingo wa m'buku, ndipo musamausinthesinthe: oyilo akachuluka amalanda malo a petulo podutsa m'jeti ya kabureta, injini n'kulandira petulo wochepa ndi kutentha kwambiri. Oyilo wa nsatsi amene ankagwiritsidwa ntchito pa mipikisano sasakanizika ndi mineral, amaundana. Giyabokosi ya two-stroke ili ndi oyilo wake, ndipo klatchi ili momwemo, choncho apo pamafunika 10W-30 kapena 10W-40 wa JASO MA, kapena oyilo wopangidwira giyabokosi ya njinga.

Posintha, ndi zimene oyilo wakale akukuuzani

Khuthulani injini ili yofunda, pamene zinyalala zisanakhazikike pansi. Ikani chiwiya choyera kuti muone chimene chatuluka. Tsukani kasefa ka waya ndi parafini, ndipo muone mmene kanakhalira ndi sipuling'i yake musanakachotse kuti kabwerere chimodzimodzi. Kachitsulo kozungulira kaja kamafuna kutsegula chivindikiro ndi gasiketi yatsopano, choncho sikatsukidwa ulendo uliwonse, koma njinga imene mwangogula kwa munthu iyenera kutsegulidwa kamodzi. Ikani washala watsopano pabawuti yokhuthulira, ndipo musamange mwankhanza, chifukwa mazinga a mu aluminiyamu sachedwa kuphwasuka. Buku lili ndi mlingo wake wa kamangidwe.

Mlingo wa oyilo umalembedwa pawiri: wothira posintha wamba, ndi wothira injini itaphwasulidwa yonse. Woyambawo ndi wocheperako. Thirani pang'ono kuchepera pa mlingowo, lizani mphindi ziwiri kapena zitatu, zimitsani, dikirani mphindi zina ziwiri, imikani njinga chilili pamalo athyathyathya, ndiye muyeze. Pa Honda zambiri kandodo koyezera kamangokhazikidwa pakamwa osakapotokola. Mukakapotokola mpaka pansi kamasonyeza oyilo wambiri kuposa amene alipo. Kudzaza mopitirira kumachititsa thovu, kumakankha mphira zotsekera, ndipo oyilo amatulukira pa paipi yopumira mpaka kunyowetsa fyuluta ya mpweya.

Oyilo wakuda si vuto, akusonyeza kuti akutsuka. Wotuwa ngati wasakanizika ndi choko ali ndi madzi, ochokera ku maulendo aafupi amene injini sitentha mokwanira, ku madzi olowa powoloka, kapena ku gasiketi ngati njinga ili ndi rediyeta. Wonunkha petulo, wamadzimadzi, ndiponso wochuluka kuposa amene munathira, akutanthauza kuti singano ya m'kabureta sikutseka ndipo petulo akutsikira mu injini njinga ili chiimire. Konzani singanoyo, muzitseka kampopi ka petulo poimika, ndipo oyilo ameneyo asagwirenso ntchito. Pendeketsani chiwiyacho padzuwa: kunyezimira kosalala ngati fumbi n'kwachizolowezi pa injini yakale, koma tizidutswa togwirika ndi zala, tachikasu kapena tomata pa maginito, tikufuna kuti injini itsegulidwe isanafe panjira.

Njinga yoyenda kamodzikamodzi isinthidwe oyilo kamodzi pachaka ngakhale makilomita asanakwane, chifukwa chinyezi ndi asidi zimasonkhana ili chiimire. Ngati mukuisunga miyezi ingapo, sinthani musanaisunge, muilize pang'ono kuti watsopanoyo afike paliponse. Pakati pa kusintha, injini yakale yozizira ndi mphepo imadya oyilo pang'ono ngakhale ili bwino, ndipo pa injini yolowa lita imodzi ya oyilo kutsika kwa mamililita 200 ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a oyilo yense. Yezani sabata iliyonse, ndiponso musanayambe ulendo wautali.